Mau a Cizungu a pa kadi la kucipatala: tiyeni tiwaphunzire tisanapasule mabanja

Mu 2024 m'banja lathu munabuka mlandu umene unayambira pa kapepala kakang'ono. Mlamu wanga wina, mai wa ana atatu wa m'komboni ina mu Lusaka, anapita padera mimba ili ndi miyezi itatu. Anataya magazi ambiri usiku, ndipo anansi anam'thamangitsira kucipatala. Anacira bwino, nabwerera kunyumba ndi kadi lake m'cikwama. Patapita masiku angapo, mwamuna wake anapatsa kadilo mwana wa mlongo wake, mnyamata wa Giredi 9, kuti amuwerengere. Mnyamatayo anaona mau akuti "incomplete abortion". Anakhala kaye cete, kenaka anati, "Amalume, apa alemba kuti anacotsa mimba."

Tsiku lomwelo ankhoswe anaitanidwa. Mai uja analira kuti sanamwe kanthu kalikonse, koma ndani akanam'khulupirira pamene dotolo analemba ndi dzanja lake? Anakhala kwa amake milungu iwiri, kufikira nesi wina wopuma pa nchito, wa mumpingo wao, anaona kadilo ndi kufotokozera akulu-akulu. M'Cizungu ca madotolo, liu lakuti "abortion" limanena za mimba iliyonse imene yatha mwana asanakhwime, kaya yacoka yokha, kaya wina waicotsa. Yocoka yokha amailemba kuti "spontaneous abortion", pamene m'Cizungu ca masiku onse amati "miscarriage". Liu lakuti "incomplete" litanthauza cabe kuti zina zinatsalira m'ciberekero ndipo panafunika kutsuka. Ukwati uja unapulumuka, ngakhale kuti mau amene apongozi analankhula pa tsiku la mlandu sanaiwalike.

Mnyamata uja sananame. Anawerenga liu limene analidziwa theka. Anthu ambiri m'dziko lathu ali ngati iye: mau a Cizungu a za kugonana, za ubereki ndi za matenda timawamva tsiku ndi tsiku, timawachula, koma tanthauzo lao lenileni sitinakhale pansi kuliphunzira.

N'cifukwa ciani zonse zili m'Cizungu?

Cifukwa coyamba ndi mbiri yathu. Kuyambira mu 1966, lamulo la maphunziro linaika Cizungu kukhala cinenero cophunzitsiramo kuyambira Giredi 1. Anamwino, madotolo, apolisi ndi oweruza onse anaphunzira nchito zao m'Cizungu. Kadi la ku sikelo, pepala la zotuluka m'magazi, malangizo a m'kabokosi ka mankhwala, fomu imene apolisi amapereka kuti dotolo alembepo, ndi zolemba za m'khoti, zonsezi zili m'Cizungu. Cinyanja ndi cimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma limagwiritsa nchito m'zigawo, koma cimathera pakamwa. Zolembedwa zimene munthu amanyamula kupita nazo kunyumba zili m'cinenero cina.

Cifukwa caciwiri ndi manyazi. M'Cinyanja, maina eni-eni a ziwalo zobisika ndi omwewo amene anthu amatukwanira. Munthu woleredwa bwino sangawachule pamaso pa apongozi kapena pa wailesi. Conco timazungulira: "kukhala malo amodzi", "kulowa m'nyumba", "kumwezi", "kumusi", "matenda aja". Cizungu cinabwera ngati cothawirako. Mtsikana amene sangathe kuuza nesi wacimuna vuto lake m'Cinyanja amapeza mpata akanena kuti ali ndi "discharge". Ngakhale mau ochuka a acinyamata a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akuti "Abstinence ili che", anatenga liu lolemera la Cizungu ndi kulikhazika m'Cinyanja ca m'tauni. Zimenezi zinathandiza, ndipo tisazinyoze. Dziko limene mtsogoleri wake, a Kenneth Kaunda, anauza anthu mu 1987 kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi Edzi, ndiponso limene a Winstone Zulu anaimirira poyera mu 1990 kunena kuti ali ndi kadoyo ka HIV, linafunikira mau olankhulira zimene kale zinali zosakambika.

Koma cothawirako cili ndi ngozi yake. Liu la Cizungu silicititsa manyazi cifukwa silitifika pamtima, ndipo nthawi zambiri silitifikanso m'mutu. Munthu amagwedeza mutu pamaso pa nesi, natuluka osamva ciliconse. Akulu anati manyazi anapha lambe.

Mau amene amasoceretsa

Tiyambe ndi kupima magazi. M'Cizungu ca kusukulu, "positive" ndi cinthu cabwino ndipo "negative" ndi coipa. Kucipatala zimatembenuka: "positive" ndiye kuti cimene anali kufuna-funa capezeka, "negative" ndiye kuti sicinapezeke. Pa mapepala ambiri salemba n'komwe mau amenewa. Amalemba "reactive" kapena "non-reactive", mwina zilembo cabe, R kapena NR. Kupima koyamba kukaonetsa "reactive", pamafunika kupimanso kaciwiri kuti atsimikize. Ndipo "non-reactive" sikuti nkhani yatha ngati munthu anagonana mosadziteteza posacedwapa. Pali nthawi imene amaicha "window period", pamene kadoyo kangakhale kalowa koma thupi silinayambe kuonetsa zizindikiro zimene cipangizo cimafuna. Pa kupima kwa magazi a pa cala nthawi imeneyi ingafike miyezi itatu. N'cifukwa cake amauza munthu kuti abwerenso.

Liu lakuti "positive" silili la HIV yokha. Kuyambira mu 2006 azimai a m'Zambia akhala akupimidwa khomo la ciberekero, kawiri-kawiri ndi njira yopaka viniga imene amaicha VIA. Mai akauzidwa kuti ali "VIA positive", ena amaganiza kuti apezeka ndi HIV, ena amaganiza kuti ali ndi khansa ndipo imfa yafika. Tanthauzo lake n'lakuti pa khomo la ciberekero paoneka malo amene asintha, amene angadzasanduke khansa m'tsogolo ngati asiyidwa. Malo otere amacizika, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Mai amene wathawa ndi mantha kaamba ka liu limodzi ndiye amene adzabwera patapita zaka, matenda atakula.

Lina ndi "undetectable", limene pa pepala la "viral load" limalembedwa kuti TND. Kufufuza kwa ZAMPHIA kwa mu 2021 kunapeza kuti akulu 11 pa 100 alionse m'Zambia ali ndi HIV, ndipo mwa amene anali kumwa ma ARV, 96 pa 100 alionse kadoyo kanali katatsika kwambiri m'magazi. Conco anthu oculuka zedi amaona liu limeneli. Litanthauza kuti mankhwala agwira nchito, kadoyo kacepa mwakuti makina sakukaona, ndipo munthu amene akhalabe motero sapatsira mnzake pogonana. Uwu ndi uthenga wokondweretsa. Koma kadoyo sikanathe m'thupi. Wina akawerenga liulo ngati "wacira", kapena m'busa wina akamuuza kuti mapemphero acotsa matenda ndipo pepala likucitira umboni, amaleka mankhwala. Pakapita milungu yocepa kadoyo kamayambanso kuculuka.

Palinso "discordant couple", kutanthauza banja limene mmodzi ali ndi HIV, wina alibe. Zimacitika, ndipo mabanja otere angakhale zaka zambiri ndi kubereka ana opanda kadoyo ngati atsatira malangizo. Amuna ena akaona kuti akazi ao ali "negative" ku sikelo amati basi, nanenso ndili bwino. Zotuluka za mkazi si za mwamuna.

Cilembo cimodzi, maola 72

Mau awiri amene asokoneza ngakhale ophunzira a ku koleji ndi PEP ndi PrEP. Asiyana cilembo cimodzi cabe. PEP ndi mankhwala amene munthu amamwa ngozi itacitika kale, monga atagwiriridwa kapena kondomu itang'ambika. Ayenera kuyamba pasanapite maola 72, ndipo amamwa masiku 28. PrEP ndi ya munthu amene alibe HIV koma ali pangozi yoitenga, ndipo amayamba ngozi isanacitike. Ili ya mapilitsi a tsiku ndi tsiku, ndipo mu 2024 Zambia inayamba kuperekanso ya nyeleti imene amalasa pa miyezi iwiri iliyonse. Mai amene mwana wake wagwiriridwa Lacisanu usiku, ngati adziwa liu lakuti PEP ndi maola ake, sadzadikira kuti amalume abwere kucokera kumudzi kudzakamba mlandu. Adzathamangira kucipatala usiku womwewo.

Cimodzi-modzi "emergency contraception", imene acinyamata amaicha "morning after". Dzinali limanamiza ena kuti imagwira nchito m'mawa mwake mokha, pamene zoona zake n'zakuti imathandiza kwambiri m'maola 72 oyamba ndipo ingamwedwe mpaka masiku asanu. Imaletsa mimba kuti isakhale. Sicotsa mimba imene yakhala kale, ndipo siteteza ku HIV kapena ku cinzonono ndi cindoko.

Onaninso kusiyana kwa "reduce" ndi "prevent" pa nkhani ya mdulidwe wa amuna. Mdulidwe umacepetsa ngozi yakuti mwamuna atenge HIV kwa mkazi ndi pafupi-fupi 60 pa 100. Kucepetsa sikutseka khomo. Mnyamata amene wamva kuti mdulidwe "uteteza" angataye kondomu n'kudziika pa moto.

Pamene banja likuti "damage", lamulo likuti "defilement"

Kunja kwa cipatala, mau amenewa amalamula zimene zimacitika kupolisi ndi kukhoti. M'midzi ndi m'makomboni tinabwereka liu lakuti "damage" n'kulipatsa tanthauzo lathu: malipiro a mbuzi, ng'ombe kapena ndalama kwa makolo a mtsikana amene waonongedwa kapena kupatsidwa mimba. Koma ngati mtsikanayo sanafike zaka 16, lamulo la Penal Code limacha mlanduwo "defilement", ndipo pamene linasinthidwa mu 2005 linaika cilango cosacepera zaka 15 m'ndende, mpaka moyo wonse. Pa mlandu umenewu mau akuti "anavomera yekha" alibe nchito, cifukwa mwana sangapereke "consent" pamaso pa lamulo. Makolo amene alandira mbuzi n'kubisa nkhani amaganiza kuti atsiriza mlandu wa pa mwambo, pamene aphimba mlandu waukulu wa boma.

Liu lakuti "consent" lenilenilo lifunika kuphunziridwa bwino. Ndi kuvomera kwa munthu wamkulu, wodziwa cimene akuvomera, popanda kuopsezedwa, kunamizidwa kapena kuledzeretsedwa. Kukhala cete kaamba ka mantha si kuvomera. Mphatso ya foni kapena ndalama ya basi sigula cilolezo.

M'khoti, kuzungulira kwathu kwa ulemu kumatiukira. Mwana akati "anagona nane" kapena "anandicita zoipa", womasulira angapereke kwa woweruza Cizungu cimene sicionetsa bwino cimene cinacitika, ndipo loya wa woimbidwa mlandu amalowera pomwepo. Mwana amene anaphunzitsidwa maina oona a ziwalo zake, "vagina", "penis", "anus", "breasts", angauze apolisi a Victim Support Unit ndi dotolo cimene cinakhudzidwa ndi mmene zinacitikira. Anthu ogona ana amadalira kuti mwanayo alibe mau.

Za kucotsa mimba nazonso anthu amazidziwa theka. Lamulo la Termination of Pregnancy Act la mu 1972 limalola kucotsa mimba kucipatala pa zifukwa zina, monga pamene moyo kapena thanzi la mai lili pangozi, madotolo atatu atasaina. Munthu angatsutsane ndi lamuloli kaamba ka cikhulupiriro cake, ndipo ufulu umenewo ali nao. Koma ayenera kudziwa cimene lamulo linena, ndi kudziwanso kuti "post-abortion care" ndi cithandizo ca mai aliyense amene mimba yacoka, kuphatikizapo amene wapita padera monga mlamu wanga.

Liu lililonse lili ndi malo ake

Kudziwa tanthauzo ndi theka la nchito. Theka lina ndi kudziwa pamene liu liyenera. Cizungu naco cili ndi magulu a mau. Pali mau a kucipatala, amene ndi oyenera kwa nesi, kwa mphunzitsi, kupolisi ndi kukhoti. Pali mau aulemu ozungulira, monga "private parts" kapena "sleeping together", amene ndi abwino pokamba ndi akulu koma sakwanira pamene dotolo afuna kudziwa pomwe pakuwawa. Ndipo pali mau a mumsewu ndi a m'mafilimu olaula, amene ana athu amawatola pa foni, pa TikTok ndi pa WhatsApp. Mwana wa Giredi 7 angadziwe mau khumi otukwana a Cizungu koma osadziwa kusiyana kwa "menstruation" ndi "ovulation", kumene kukanam'thandiza kumvetsa mmene mimba imakhalira. Ngati makolo ndi aphunzitsi akhala cete, foni imapitiriza kuphunzitsa.

Palinso mau amene amalasa. M'zaka za m'ma 1990 tinali kunena za "AIDS victim" ndi "carrier", ndipo m'Cinyanja tinali ndi maina athu acipongwe monga "kaliwondewonde" ndi "kanayaka". Lero ogwira nchito za umoyo amati "person living with HIV", munthu amene ali ndi HIV. HIV ndi kadoyo, pamene AIDS ndi kudwala kumene kumabwera citetezo ca thupi cikatha. Munthu womwa mankhwala ake bwino angakhale ndi HIV mpaka ukalamba osadwala AIDS. Kumucha "wa Edzi" ndi kunama, ndiponso kumathamangitsa ena kuti asakapimitse. Amanenanso STI m'malo mwa STD, cifukwa munthu angakhale ndi matenda opatsirana pogonana popanda cizindikiro ciliconse, n'kumapatsira ena.

Mkangano wa kusukulu

Mu 2014 boma linayamba kuphunzitsa Comprehensive Sexuality Education kuyambira Giredi 5 mpaka Giredi 12. Caka comweco linalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero za m'zigawo zao, Cizungu n'kutenga malo pa Giredi 5. Onani cimene cinacitika: mwana wa ku Katete kapena ku Petauke anali kukumana ndi "puberty" ndi "reproduction" m'caka comwe anali kuyamba kulimbana ndi Cizungu monga cinenero ca phunziro lililonse. Ambiri analoweza mau kuti akhoze mayeso. Mphunzitsi wamanyazi anali kulemba pa bolodi, ana n'kukopera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mu 2020 atsogoleri ena a mipingo ndi aphungu anatsutsa maphunzirowa, nkhani inafika m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pambuyo pake anaunikidwanso n'kupatsidwa dzina lakuti Life Skills and Health Education. Mbali ina ya mkanganowo inali ya liu lakuti "sexuality", limene makolo ambiri analimva ngati kuphunzitsa ana kugonana. Nkhawa ya makolo tisaipeputse. Ali ndi ufulu wofunsa kuti mwana wa zaka 10 akuuzidwa ciani, ndipo ndani akumuuza. Koma kufufuza kwa boma kwa mu 2018 kunapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kale kapena anali ndi pakati. Atsikana amenewa sanatenge mimba cifukwa codziwa mau ambiri a sayansi. Popeza maphunziro atsopano amene anayamba mu 2025 abweza Cizungu kukhala cinenero cophunzitsiramo kuyambira m'makalasi oyambirira, udindo wa mphunzitsi wofotokoza mau amenewa m'cinenero ca mwana wakula kuposa kale.

Pa zaka zambiri, amene anali kumasulira mau a madotolo anali aphungu a uphungu a m'makiliniki, acinyamata ophunzitsa anzao, ndi odzipereka oyenda khomo ndi khomo. Ambiri a iwo anali kulipidwa ndi ndalama za maiko akunja. Pamene boma la America linaimitsa thandizo lake mu January 2025 ndi kutseka bungwe la USAID, ambiri anacotsedwa nchito. Nesi amene ali ndi mzere wautali panja alibe mphindi khumi zofotokozera TND. Mpata umenewu tiyenera kuutseka tokha.

Zimene tingacite

Unduna wa za Umoyo ungasindikize, kumbuyo kwa makadi ndi pa zipupa za makiliniki, matanthauzo a mau 20 kapena 30 amene amalembedwa kawiri-kawiri, m'zinenero zonse zisanu ndi ziwiri.  Madotolo nao angalembe "miscarriage" pa pepala limene mai apita nalo kunyumba, podziwa kuti likawerengedwa ndi anthu amene sanapite ku sukulu ya udotolo. Ndipo nesi asanatulutse wodwala, amufunse kuti abwereze m'mau ake-ake cimene wamva.

Alangizi ndi anamkungwi athu ali ndi mpata umene mphunzitsi alibe, cifukwa mwambo unawapatsa cilolezo cokamba zobisika. Aphunzire mau awa a Cizungu ndi kuwaika pambali pa malangizo ao, kuti namwali potuluka m'cinamwali adziwe PEP, "consent" ndi "family planning" monga adziwira ulemu wa kwa apongozi. Mawailesi a m'zigawo angapatule mphindi zisanu pa sabata za liu limodzi, nesi n'kulifotokoza m'Cinyanja comveka.

Inu makolo, ngati simungathe kukamba ndi mwana wanu maso ndi maso, tumani azakhali, amalume kapena ambuye ake monga mwa mwambo wathu, koma onetsetsani kuti amene mwatumayo adziwa zoona. Ndipo inu awerengi nonse, mukapatsidwa pepala kucipatala, musacoke pa mpando musanafunse kuti, "A nesi, liu ili litanthauza ciani m'Cinyanja?" Ndi ufulu wanu. Safunsa anadya phula.

Mnyamata uja wa Giredi 9 anapepesa kwa akazi a amalume ake, ngakhale kuti mlandu sunali wake. Iye anacita zimene anapemphedwa, ndi Cizungu cimene tinam'patsa. M'nyumba zambiri m'dziko muno, mwana wa sukulu ndiye amene amawerengera banja lonse makadi a kucipatala. Tiyeni tim'phunzitse mau amenewa mokwanira.